Kupanga chilankhulo cha pulogalamu, compiler kapena operating system yanu: muyambire pa buku liti?

Amene amafunsa funso limeneli amakhala atalemba kale mapulogalamu kwa kanthawi, ndipo tsopano akufuna kuona zimene zimachitika kunsi kwake. Akufuna kudziwa chimene chimasandutsa `x = y + 1` kukhala malangizo amene CPU imamva, ndiponso chimene chimaimitsa pulogalamu ina ili mkati mogwira ntchito kuti inzake ilowepo. Zowerenga zilipo zambiri, ndipo zingapo mwa zabwino kwambiri ndi zaulere. Chimene chimagwetsa anthu n'kuyambira pa buku lolembedwera munthu wina. Buku loyenera wophunzira wa payunivesite amene ali ndi mphunzitsi womufotokozera likhoza kufooketsa munthu wowerenga yekha usiku ataweruka kuntchito, iye n'kumaganiza kuti mutu wake ndiye wouma.

Tiyambe tamvana pa mawu atatu. Interpreter imawerenga pulogalamu n'kuchita pomwepo zimene zalembedwamo. Compiler imamasulira pulogalamuyo kukhala malangizo a makina, oti ayendetsedwe pambuyo pake. Operating system, makamaka phata lake lotchedwa kernel, ndi imene imagawira mapulogalamu onse CPU, memory ndi disiki kuti asaphwanyirane.

## Miyezo inayi

Buku lililonse ndiliyeza ndi miyezo inayi iyi.

Mtengo. Ndalama ndi mbali yaing'ono. Chimene mumalipira kwambiri ndi nthawi, kuphatikizapo nthawi yophunzira zimene bukulo likuganiza kuti mukuzidziwa kale. Buku laulere lofuna C ndi lodula kwa munthu wodziwa Python yokha.

Kupezeka. Kodi mungaliwerenge lonse popanda kugula? Zida zake zimafuna kompyuta yamphamvu bwanji? Nanga popeza palibe wokuchongerani, kodi pali mayeso okuuzani kuti mwakhoza kapena mwalakwa?

Kusamalira. Uwu ndi muyezo umene ambiri saulingalira posankha. Zolembedwa m'buku sizisintha, koma zida zimene bukulo limadalira zimasintha chaka ndi chaka. Pali maphunziro ena amene mungathe sabata yathunthu mukulimbana ndi zida zokana kugwirizana, musanaphunzire kanthu kalikonse kokhudza compiler.

Zoopsa. Zazikulu ndi ziwiri: kusiyira panjira, ndi kumaliza koma mukudzinamiza kuti mwadziwa zimene simunadziwe.

Ndinene poyera kumene ine ndapendekera. Ndimakhulupirira kanthu kakang'ono kathunthu, koti muzikaona kakuyenda kuyambira sabata yoyamba, kuposa buku lalikulu lofotokoza zonse. Mabuku akuluakuluwo ali ndi nthawi yake, ndipo ndiitchula.

## Crafting Interpreters

Analemba ndi Robert Nystrom, ndipo linasindikizidwa mu 2021. Mumapanga chilankhulo chaching'ono chotchedwa Lox, koma mumachipanga kawiri. Ulendo woyamba mumalemba mu Java. Pulogalamu yanu imaduladula zolembedwa kukhala mawu, kuwasanja m'nthambi motsatira galamala ya Lox (gawo losanjali limatchedwa parser), kenako n'kumayenda m'nthambizo ikuchita zimene yapezamo. Ulendo wachiwiri mumalemba mu C, ndipo apa chilichonse mumadzipangira nokha. Mumamasulira Lox kukhala bytecode (malangizo aafupi a makina ongoyerekezera), mumamanga virtual machine, pulogalamu yoyendetsa bytecode imeneyo, mumalemba hash table yanuyanu, mpaka garbage collector yotolera memory imene pulogalamu yathana nayo. Kubwerezaku ndiye mphamvu ya bukuli. Closure (function yokumbukira ma variable a pamalo pamene inapangidwira), imene mu Java inangofuna mizere yochepa, mu C imakufunsani funso lovuta: variable ikhala kuti function imene inaipanga ikatha ntchito? Munthu amene wayankha funso limeneli ndi manja ake saliiwalanso.

Mtengo: buku lonse limawerengeka kwaulere pa webusaiti yake, ndipo losindikizidwa n'logula. Muyenera kudziwa bwino chilankhulo chimodzi. C mungaiphunzirire m'njira, ngakhale ma pointer adzakuchedwetsani.

Kupezeka: kompyuta iliyonse yotha kuyendetsa Java ndi compiler ya C ikwanira, ngakhale yakalekale. Mzere uliwonse wa code uli m'bukumo, pamodzi ndi malo oti muuike.

Kusamalira: pafupifupi palibe. Bukuli siligwiritsa ntchito chida chopangira parser kapena laibulale yochokera kwina, choncho palibe chimene chingasinthe inu muli mkati.

Zoopsa: ubwino wake womwewo. Popeza code yonse yaperekedwa, n'zotheka kuikopera mutu ndi mutu, zonse n'kuyenda, inu osagwirapo kanthu. Mankhwala ake n'kulemba gawo loyamba m'chilankhulo china, monga Go, Python kapena Rust, kuti mzere uliwonse udutse kaye m'mutu mwanu, komanso kuyankha mafunso a kumapeto kwa mutu uliwonse. Dziwaninso malire ake. Lox safufuza mitundu ya data pulogalamu isanayambe kuyenda, ndipo simutulutsa malangizo a CPU yeniyeni. Mukamaliza mudzakhala mutadziwa theka lakutsogolo la compiler (lowerenga ndi kusanja pulogalamu) ndi virtual machine, koma za assembly (malangizo a CPU olembedwa m'mawu) ndi kugawa ma register (timalo tosungira data mkati mwa CPU) mudzakhala musanazikhudze.

## Buku la chinjoka

Dzina lake lenileni ndi Compilers: Principles, Techniques, and Tools, koma aliyense amalitchula ndi chinjoka chojambulidwa pachikuto. Alfred Aho, Ravi Sethi ndi Jeffrey Ullman analitulutsa mu 1986, ndipo lachiwiri la 2006 analemba limodzi ndi Monica Lam. Aho ndi Ullman analandira Turing Award ya 2020, ndipo mabuku awo anatchulidwa pa zifukwa za mphotoyo. Mukafunsa kuti muyambire pati, wina adzakutchulirani bukuli, ndipo ambiri amayambiradi pamenepo.

Mtengo: n'logula, ndipo n'lodula monga amakhalira mabuku a payunivesite. Lili ndi masamba pafupifupi 1,000, ndipo limafuna munthu wosaopa masamu a ma automata ndi magalamala.

Kupezeka: malaibulale a mayunivesite ophunzitsa zamakompyuta amakhala nalo. Palibe pulojekiti imodzi yokuyendetsani kuchoka pa mutu woyamba kufika womaliza, ndipo palibe mayeso okuchongerani.

Kusamalira: palibe chowonongeka. Kafotokozedwe kake ka njira zopangira parser zotchedwa LL, LR ndi LALR, kapena ka mmene compiler imatsatirira data ikamadutsa m'pulogalamu, n'koona lero monga kanalili pamene kankalembedwa.

Zoopsa: mitu yoyambirira imakhalitsa kwambiri pa parser, ndipo wowerenga yekha akhoza kutha miyezi akudzaza matebulo a LR pamanja asanaone pulogalamu ngakhale imodzi ikuyenda. Chonsecho GCC ndi Clang, ma compiler a C ndi C++ amene dziko lonse limadalira, ali ndi parser yolembedwa pamanja mwa njira ya recursive descent, yomweyo imene Nystrom amaphunzitsa m'mitu yochepa. Komanso SSA, kasanjidwe kamene variable iliyonse imapatsidwa mtengo kamodzi kokha, ndipo kamene ma compiler amakono amakadalira kwambiri pofulumizitsa code, bukuli limangokakhudza mwachidule. Pa mbali imeneyi Engineering a Compiler la Keith Cooper ndi Linda Torczon, limene lachitatu lake linatuluka mu 2022, limakhala nako nthawi yaitali ndipo n'losavutirapo kuwerenga.

Sindikulipeputsa buku la chinjoka. Tsiku limene parser yanu idzasokonezeke ndi galamala yomveka pawiri, mudzalitsegula ndi funso m'manja, ndipo lidzakuyankhani mokwanira. Kuliwerenga musanakhale ndi funso ndi kumene kumatopetsa.

## Compiler yeniyeni, pang'onopang'ono

Mu 2006 Abdulaziz Ghuloum analemba pepala lalifupi lotchedwa An Incremental Approach to Compiler Construction. Ganizo lake n'losavuta kumva. M'malo momanga parser yonse, kenako gawo lotsatira lonse, n'kudzaona zotsatira kumapeto kwenikweni, yambani ndi compiler yathunthu ya chilankhulo chodziwa nambala imodzi yokha. Itulutse assembly, iyende, muione. Mawa muwonjezere kuphatikiza, mkuja ma variable, kenako `if`. Iye anagawa ntchitoyi m'masitepe 24, ndipo pa sitepe iliyonse muli ndi compiler yogwira ntchito.

Zinthu zitatu zimayenda m'njira imeneyi. Writing a C Compiler la Nora Sandler, la 2024, limakutengani kuchoka pa pulogalamu ya C yongobweza nambala, kudutsa mitundu ya data, ma pointer ndi ma struct, mpaka kugawa ma register. Essentials of Compilation la Jeremy Siek, la 2023, lilipo la Racket ndi la Python. Ndiye pali chibicc, compiler ya C yolembedwa ndi Rui Ueyama, imene si buku ayi koma code yoikidwa pa GitHub, yosanjidwa mwadala kuti commit iliyonse (sitepe yosungidwa m'mbiri ya code) iwonjezere kanthu kamodzi kowerengeka. Imayamba ndi nambala imodzi, n'kukathera pa compiler yotha kumasulira Git ndi SQLite.

Mtengo: la Sandler n'logula. Pepala la Ghuloum, buku la Siek ndi chibicc zimapezeka kwaulere. Nthawi yake ndi yochuluka kuposa ya Lox, chifukwa muyenera kuphunzira assembly ya x86-64 ndi malamulo a mmene ma function amapatsirana data.

Kupezeka: Sandler sakupatsani code yokopera. Amafotokoza njira, inu n'kusankha chilankhulo cholembera, ndipo amapereka mulu wa mayeso oti compiler yanu ikhoze pa mutu uliwonse. Kwa munthu wophunzira yekha, mayesowa ndiye mphunzitsi. Ngati CPU ya kompyuta yanu ndi ya ARM, mufunika kaye njira yoyendetsera mapulogalamu a x86-64.

Kusamalira: kochepa. Assembler ndi linker zimene mumadalira, zida zosandutsa assembly kukhala pulogalamu yoyenda, zinakhazikika kalekale.

Zoopsa: zolakwika za kuno sizilankhula. Compiler yanu imatulutsa assembly yooneka bwinobwino, pulogalamu n'kufa popanda uthenga, mwina chifukwa choti stack sinali pa malire a ma byte 16 poitana function ya kunja. Muyenera kuzolowera msanga GDB, chida chosakira zolakwika m'pulogalamu. Pa chibicc, dziwani kuti siyesa n'komwe kufulumizitsa code imene imatulutsa, ndiye mbali imeneyo mukaifune kwina.

## Kaleidoscope, phunziro la LLVM

LLVM, gulu la zida zomangira ma compiler, inayamba mu 2000 ku University of Illinois, m'manja mwa Chris Lattner ndi Vikram Adve, ndipo lero Clang, Rust, Swift ndi Julia zonse zimaidalira. Inu mumalemba theka lakutsogolo, n'kutulutsa chilankhulo chapakati cha LLVM, iyo n'kumalizitsa zotsala. Phunziro lake lodziwika limamanga kachilankhulo kotchedwa Kaleidoscope mu C++, kamene kali ndi mtundu umodzi wokha wa data, nambala ya ma bit 64 yokhala ndi decimal.

Mtengo: n'zaulere, koma zimafuna C++ yokhwima ndithu.

Kupezeka: phunziroli lili pa webusaiti ya LLVM. Kumanga LLVM yonse kuchokera ku code yake kumadya maola ndi memory yambiri pa kompyuta wamba, choncho ndi bwino kuika yomangidwa kale.

Kusamalira: apa ndiye pamene pamapweteka. LLVM imatulutsa mtundu watsopano pafupifupi kawiri pachaka, ndipo silonjeza kuti code ya C++ yolembedwera mtundu wakale idzagwirabe. Mwachitsanzo, kuyambira pa LLVM 15 ya 2022 ma pointer anasiya kusonyeza mtundu wa chimene akuloza, ndipo zitsanzo zambiri zakale zinasiya kugwira. Werengani phunziro la mtundu womwewo umene mwaika, osati loyamba limene mwalipeza pofufuza.

Zoopsa: mumapeza chilankhulo chothamanga msanga, koma mbali yovuta kwambiri ya compiler imakhalabe m'bokosi lotseka. Phunzirolo limachenjezanso lokha kuti code yake si chitsanzo cha kamangidwe kabwino ka pulogalamu. Ndi chida cha wofuna kutulutsa chilankhulo choti anthu agwiritse ntchito, ndipo chimamveka bwino kwa amene anayamba wadzilembera yekha assembly.

## Nand2Tetris

Noam Nisan ndi Shimon Schocken analemba The Elements of Computing Systems mu 2005, ndipo lachiwiri linatuluka mu 2021. Muli mapulojekiti 12. Mumayamba ndi kachipata kamodzi ka NAND, n'kupanga zipata zina, gawo lowerengetsera, memory, mpaka kompyuta ya ma bit 16 yotchedwa Hack. Pulojekiti ya nambala 6 ndi assembler, 7 ndi 8 ndi virtual machine, 10 ndi 11 ndi compiler ya chilankhulo cha Jack, ndipo 12 ndi operating system. Palibe njira ina pa zonsezi imene imakuonetsani makwerero onse, kuchokera pansi mpaka pamwamba, popanda sitepe yobisika.

Mtengo: mapulojekiti ndi zida n'zaulere, buku n'logula. Phunziroli liliponso pa Coursera m'magawo awiri. Theka loyamba silifuna kuti muzidziwa kulemba mapulogalamu kwenikweni, koma lachiwiri limafuna.

Kupezeka: zonse zimayenda m'mapulogalamu oyerekezera, osafuna waya kapena chipangizo chogula, ndipo pulojekiti iliyonse ili ndi mafayilo oyesera.

Kusamalira: palibe chodetsa nkhawa. Hack ndi Jack n'zopangidwira phunziroli, sizisintha ndi msika.

Zoopsa: mawu oti operating system pa pulojekiti yomaliza angakusocheretseni. Chimene mumalemba ndi laibulale ya magawo 8, monga ochulukitsira ndi kugawa manambala, kujambula pa sikirini, kuwerenga kiyibodi ndi kugawa memory. Hack ilibe ma interrupt (zizindikiro zoimitsa CPU kuti ichite kaye china), ilibe virtual memory (njira yoti pulogalamu iliyonse ione ngati memory ndi yake yokha), ndipo imayendetsa pulogalamu imodzi basi. Mafunso amene amapangitsa kernel kukhala yovuta sadzuka n'komwe. Compiler ya Jack nayonso ndi yophweka mwadala. Phunziroli ndi lotambalala koma losazama, ndipo eni ake sabisa zimenezo.

## OSTEP pamodzi ndi xv6

Ziwirizi ndaziika pamodzi chifukwa chilichonse chimakwaniritsa chimene chinzake chikusowa.

Operating Systems: Three Easy Pieces, mwachidule OSTEP, analemba ndi Remzi ndi Andrea Arpaci-Dusseau a ku University of Wisconsin–Madison. Zigawo zitatuzo ndi izi: mmene pulogalamu iliyonse imaonera ngati CPU ndi memory ndi zake zokha, mmene ntchito zingapo zimayendera nthawi imodzi osasokonezana, ndi mmene mafayilo amapulumukira magetsi akazima pakati polemba. Mitu yake ndi yaifupi, ndipo uliwonse umayamba ndi vuto lenileni usanapereke njira zolithetsera.

xv6 ndi kernel yophunzitsira imene inalembedwa ku MIT mu 2006, potengera Unix Version 6 ya 1975. Poyamba inali ya ma CPU a x86, ndipo mu 2019 inasamukira ku ma CPU a mtundu wa RISC-V. Sifika mizere 10,000, kutanthauza kuti munthu mmodzi angaiwerenge yonse n'kuisunga m'mutu, chinthu chosatheka ndi Linux. Ili ndi kabuku kake ka masamba ongopitirira 100, kolembedwa ndi Russ Cox, Frans Kaashoek ndi Robert Morris, kamene kamayenda limodzi ndi code. Kuphunzira powerenga kernel yaing'ono yathunthu n'kwakale. M'zaka za m'ma 1970 John Lions wa ku University of New South Wales analemba ndemanga pa code ya Unix yomweyo ya Version 6, ndipo chifukwa cha malamulo a laisensi anthu ankangokoperana mapepala ake mpaka pamene anasindikizidwa poyera mu 1996. Andrew Tanenbaum anatulutsa MINIX mu 1987 ndi cholinga chomwecho, ndipo Linus Torvalds ankagwiritsa ntchito MINIX pamene ankayamba Linux mu 1991.

Phindu lenileni la xv6 lili m'ntchito zoyeserera za kosi ya MIT imene kale inkatchedwa 6.828 ndi 6.S081, ndipo tsopano ndi 6.1810. Mumawonjezera system call yatsopano (njira imene pulogalamu imapemphera kanthu kwa kernel), mumasintha ma page table (matebulo olozera memory ya pulogalamu iliyonse), mumakonza `fork`, imene imapanga kope la pulogalamu yoyenda, kuti isamakopere memory mpaka pamene wina walembapo, mumachepetsa kulimbirana lock (loko woletsa awiri kukhudza data imodzi nthawi imodzi) pakati pa ma CPU, mumakulitsa mafayilo amene dongosolo lingasunge. Ntchito ya `fork` ija ndi imene ndimaikonda koposa. OSTEP imakufotokozerani ganizolo m'ndime zingapo, koma mukamalemba nokha m'pamene mumazindikira kuti tsamba lililonse la memory liyenera kuwerengedwa kuti likugwiridwa ndi angati, ndipo mukaphonya kuwerengako kamodzi kokha kernel imadzagwa patali kwambiri ndi pamene munalakwitsa.

Mtengo: mitu yonse ya OSTEP, code ya xv6, kabuku kake ndi ntchito zoyeserera n'zaulere. C yokha ndiyo yosanyengereka. Ngati ma pointer akukuzunguzanibe, yambani mwathana nawo.

Kupezeka: mufunika QEMU, pulogalamu yoyerekezera kompyuta ina, ndi GCC yotulutsa code ya RISC-V, ndipo pa Linux zimaikika mosavuta. Simufunika chipangizo cha RISC-V. Ntchito iliyonse ili ndi pulogalamu yochonga, mungolemba `make grade`. OSTEP nayo ili ndi timapulogalamu ta Python toyeserera zinthu monga kagawidwe ka nthawi ya CPU.

Kusamalira: kwapakatikati. Ntchito zoyeserera zimasinthidwa chaka ndi chaka, ndiye tengani malangizo, code ndi kabuku za chaka chimodzi. xv6 ya x86 inasiya kukonzedwa, ngakhale zolemba zambiri zakale zimanenabe za iyo.

Zoopsa: mayankho a ntchitozi ali mbwee pa intaneti, ndipo usiku wachitatu wosakasaka cholakwika chimodzi chiyeso chosuzumira chimakula. Mukasuzumira mwataya chimene munabwerera, chifukwa luso la ntchitoyi ndi kusakako. Chachiwiri, mumagwira ntchito m'nyumba yomangidwa kale. Wofunitsitsa kuona kompyuta ikudzuka ndi code yake kuyambira pa byte yoyamba sadzakhutira.

## Kuyambira pa makina opanda kanthu

Njira iyi ndi ya OSDev Wiki, nkhokwe ya zolemba za anthu opanga ma kernel mwa kufuna kwawo, komanso ya Writing an OS in Rust ya Philipp Oppermann. Mumayamba popanda `printf`, popanda mafayilo, popanda chilichonse. Chipambano choyamba ndi kulemba ma byte pa adiresi ya 0xb8000 n'kuona zilembo zikutuluka pa sikirini yakuda. Chisangalalo chake n'chenicheni, ndipo sindidabwa kuti ambiri amakopeka nacho.

Mtengo: zolemba n'zaulere. Nthawi yake ilibe malire, chifukwa palibe amene anakuikirani pothera.

Kupezeka: zonse zili pa intaneti. Phunziro loyambira la OSDev lotchedwa Bare Bones limafuna kuti mumange kaye GCC yapadera yosadalira operating system imene muli nayo. Zolemba za Oppermann n'zadongosolo kwambiri, kuchokera pa kulemba pa sikirini, ma interrupt, paging, kugawa memory, mpaka async, koma sizifika pa mafayilo kapena pa kuyendetsa mapulogalamu a ogwiritsa ntchito motetezeka.

Kusamalira: kolemera. Njira ya Rust imadalira mtundu wa nightly, umene umasintha tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi malaibulale amene ayenera kugwirizana nawo. Masamba a OSDev analembedwa ndi anthu osiyanasiyana pa zaka zosiyanasiyana, ena akunena za BIOS (njira yakale yodzutsira kompyuta) ndi ma bit 32, ena za UEFI (yatsopano) ndi ma bit 64, ndipo kusiyanitsa ndi udindo wanu.

Zoopsa: x86 imanyamula katundu wa mbiri yake kuchokera pa 8086 ya 1978. Podzuka mwa njira ya BIOS imayambira m'ma bit 16, ndipo musanafike pa funso lililonse lokoma la kernel muyenera kukonza matebulo a GDT ndi IDT, ouza CPU za zigawo za memory ndi za ma interrupt. Mukalakwitsa pang'ono CPU imagwa katatu motsatizana n'kuyambiranso popanda kunena chifukwa. Mukhoza kutha miyezi mukuphunzira zizolowezi za CPU imodzi, muli ndi kiyibodi yogwira ntchito koma musanamve chifukwa chake lock imafunika. Palinso choopsa cha manja: polemba kernel yanu pa flash ndi lamulo la `dd`, kuphonya chilembo chimodzi m'dzina la disiki kumafufuta disiki yanu yeniyeni. Khalani mu QEMU mpaka mutakhala ndi chifukwa chomveka chotulukira.

## Ndani atenge chiti

Ngati mumalemba mapulogalamu koma simunapangepo chilankhulo, tengani Crafting Interpreters, ndipo gawo loyamba mulilembe m'chilankhulo chosakhala Java. Pa onse amene angawerenge izi, ambiri ali m'gulu limeneli.

Amene simukudziwa n'komwe kuti CPU imachita chiyani ndi malangizo, yambani ndi Nand2Tetris. Ngakhale mutalekeza pa pulojekiti ya nambala 6, assembly sidzakuopsaninso pa njira ina iliyonse mwa izi.

Munapanga kale interpreter ndipo mukufuna kuona code yanu ikuyenda pa CPU yeniyeni? Ngati mungathe kugula buku, la Sandler ndi mayeso ake. Ngati simungathe, la Siek, kapena pepala la Ghuloum mukuwerengera limodzi ndi ma commit a chibicc. Mukafika pofuna kufulumizitsa code m'pamene Cooper ndi Torczon amalowa, buku la chinjoka lili pambali lodikira mafunso a parser. Wophunzira wa payunivesite amene kosi yake imatsatira buku la chinjoka aliwerenge ndithu, koma amange kanthu kakang'ono pambali kuti matebulo aja akhale ndi pogwera.

Muli ndi ganizo la chilankhulo choti anzanu adzachigwiritse ntchito pa ntchito zenizeni, ndipo liwiro n'lofunika: LLVM, mutasankha mtundu umodzi n'kukakamira pomwepo mpaka chilankhulocho chitaima. Ngati chimene chikukusowetsani tulo ndi malamulo a mitundu ya data, palibe mwa njira zapamwambazi imene ingakukwanireni, ndipo buku lake ndi Types and Programming Languages la Benjamin Pierce, la 2002.

Pa operating system, amene mukufuna kumvetsa zimene Linux kapena Windows imachita pansi pa mapulogalamu anu, kaya chifukwa cha ntchito kapena mayeso, OSTEP yokha ndi timapulogalamu take ta Python zikufikitsani patali. Amene mukufuna kudzagwira ntchito mkati mwa kernel, onjezani xv6 ndipo muchite ntchito zake zonse popanda kusuzumira mayankho. Kwa amene mtima wanu uli pa kernel yanuyanu, OSDev ndi Oppermann sizithawa. Pitaniko mutamaliza ntchito ya ma page table ndi ya `fork` mu xv6, kuti sikirini ikadzada bii muzidziwa kale kuti page table yolondola imaoneka bwanji ndi kuti mu GDB muyang'ane register iti.